Zala Ziwiri Zinatsala ku Lunsemfwa

Ba Mordecai Chibuye ndinawadziwa mu 1998, chaka chimene ndinapita kukaphunzitsa ku Chinyunyu. Ankagulitsa nthochi ndi mbatata m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, pafupi ndi kanjira kolowera ku kasupe wa madzi otentha. Anali munthu wamtali, wa mapewa otambalala, wosakonda kuitanira malonda. Basi ikaima, amayi onse ankathamangira kumazenera ndi mabeseni awo, iwo n'kungokhala pa chitsa kudikira amene atsike. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu. Ana a m'kalasi mwanga ankati zinazo inadya ng'ona. Titazolowerana ndinawafunsa, ndipo anamwetulira nati, "Ng'ona sinandilakwirepo ine, aphunzitsi." Nkhani yake sanandiuze tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, ndipo zina ndinazimva kwa akazi awo, ba Estina.

Anabadwira kutali ndi msewu, kuseri kwa mapiri, m'chigwa chimene mtsinje wa Lunsemfwa umadutsa usanakakumane ndi Luangwa. Atate awo anali osema mabwato. Sukulu inali tsidya lina la mtsinje, ndipo ba Mordecai anailekera mu Giredi 3 chifukwa ankakonda kuwolokako kuposa kukafika. Pofika zaka makumi atatu, ndiwo anali owolotsa anthu padooko la kwawo. Odwala opita ku chipatala cha Mpanshya, njinga, mbuzi, matumba a chimanga, akwati ndi maliro, zonse zinkadutsa m'bwato lawo la m'bawa limene anasema okha. Ankayang'ana mtundu wa madzi m'mawa n'kudziwa kuti kumapiri kwagwa mvula, ngakhale kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Kumtunda kwa dooko mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe, m'mipata imene asodzi ambiri ankaopa kulowamo. Iwo anayendamo ndi atate awo kuyambira ali wamng'ono, ndipo mathithi onse ankawadziwa ndi maina omwe.

Ba Estina anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, Bornface. Iyeyu sukulu anapita nayo patsogolo, ndipo anakapeza ntchito ku Lusaka pa kampani ina yoyendetsa alendo ochokera kunja. Ankawaphikira, kuwamangira matenti ndi kuwamasulira mawu. Akabwera kumudzi ankafikira pakhomo pa ba Mordecai, ndipo awiriwa ankagwirizana kwambiri. Ba Mordecai ankamusungira nsomba zouma zonona, iye n'kumawabweretsera mbedza ndi mabatire a wailesi.

M'mwezi wa Epulo mu 1994, mvula itangoyamba kukata, padooko panafika motoka ziwiri zitasenza timabwato tapulasitiki pamwamba, tofiira, tachikasu, tobiriwira, kalikonse kokwana munthu mmodzi. Munatsika azungu asanu ndi mmodzi, amuna anayi ndi akazi awiri, ndi Bornface. Anali gulu la anthu ogwirizana ochokera kutsidya kwa nyanja. Chaka chilichonse ankasankha mtsinje wa mathithi m'maiko otentha n'kukautsika ndi timabwato tawoto, timene ankatitcha kayaki. Mtsogoleri wawo anali bambo wa ndevu zofiira, wolankhula mofulumira, ndipo anthu a padooko anangomutcha Ndevu. Mmodzi mwa akaziwo anali Dolly, wamfupi, wosekaseka, amene tsiku lomwelo anali ataphunzira kale kunena "muli bwanji" n'kumapatsa moni aliyense, ngakhale makanda.

Bornface anawatengera pambali ba Mordecai.

"Alamu, anthu awa akufuna kuyambira kumtunda, atsike mipata yonse mpaka pano. Masiku asanu ndi atatu. Ndawauza kuti mtsinje uno palibe woudziwa ngati inu. Musandichititse manyazi."

"Madzi akadali ambiri," anatero ba Mordecai. "Akanadikira mwezi umodzi."

"Ndiwo madzi amene abwerera, alamu. Akaphwa sawafuna."

Ba Mordecai anavomera. Anandiuza kuti chimene chinawakopa kwambiri ndi timabwatoto. Anakagogoda kamodzi ndi chala, n'kukanyamula ndi dzanja limodzi, osakhulupirira kuti chinthu chopepuka chonchi chingapirire mwala.

Motoka zinawatula kumtunda n'kubwerera kukawadikira kumunsi. Azunguwo aliyense analowa m'kayaki yake, atavala chisoti ndi jekete yoyandamitsa. Ba Mordecai anapatsidwa chibwato chachikulu chopopera mpweya, chonyamula matenti ndi zakudya, ndipo Bornface anakwera nawo. Ntchito yawo inali kutsogola, kuimitsa gulu asanafike pa mathithi, ndi kunena mmene madzi amayendera pamenepo. Chizungu ankangodziwa mawu owerengeka, choncho chilichonse chinkadutsa pakamwa pa Bornface.

Masiku oyambirira anali okoma. Ba Mordecai anali asanaonepo anthu akusewera ndi madzi chonchi. Munthu ankalowa m'thovu loyera n'kuzimiririka, kenako n'kutulukira kumunsi akukuwa ndi chimwemwe. Kayaki ikagudubuzika, mwini wake sankatulukamo, ankangokankha madzi ndi nkhafi ali chadodolido n'kudzuka nayo. Madzulo a tsiku lachiwiri, gulu litaima pa mchenga dzuwa likadali pamwamba, Dolly anawaona akuyang'anitsitsa kayaki yake yachikasu, ndipo anawakodola kuti alowemo. Asanapalase ngakhale katatu anagudubuzika, n'kutuluka akulavula madzi, gulu lonse likufa ndi phwete. Iwonso anaseka, n'kulowanso. Dolly anaima m'madzi ofika m'chiuno n'kumawaonetsa ndi manja mmene angapotozere thupi. Pofika tsiku lachinayi ankadzuka nayo okha, ndipo anatsika mathithi ang'ono awiri osagwa.

Tsiku limenelo Ndevu anawaitana, naitananso Bornface kuti amasulire. Analankhula nthawi yaitali, akuloza ba Mordecai ndi kuloza kumpoto.

"Akuti chaka chamawa apita ku Uganda, ku mtsinje wa Nile," anatero Bornface akuyang'ana pansi. "Akuti akufuna munthu wowerenga madzi ngati inu. Mukonze pasipoti."

"Ine? Ku Uganda?"

"Ndi zimene anena."

Bornface atatero ananyamuka kukatsuka mapoto. Ba Mordecai sanaganizepo kanthu za nkhope ya mlamu wawo tsiku limenelo. Maganizo awo anali pa mmene akauzire ba Estina kuti akwera ndeke, munthu amene ngakhale Lusaka anali atangofikako kamodzi.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamunyansa Ndevu. Kawiri konse ba Mordecai anaimitsa gulu n'kunena kuti mathithi awa sadutsika, anyamule timabwato paphewa azungulire kumtunda. Kuzungulirako kunkadya theka la tsiku, m'miyala ndi m'minga, dzuwa likuswa mtengo. Ulendo wachiwiri, atafika kumunsi n'kuyang'ana mathithi amene anawalambalala, Ndevu anaponya chisoti chake pansi n'kumukalipira Bornface pamaso pa onse.

"Alamu, mukuchulutsa mantha," anatero Bornface pambuyo pake. "Akuti pamene paja akanadutsa bwinobwino. Akuti tatsalira ndi tsiku lathunthu, ndipo ndeke yawo siyidikira munthu. Amene akutukwanidwa ndine, chifukwa ndine ndinakutchulani."

"Auze kuti mtsinje sudziwa za ndeke."

Bornface sanamasulire zimenezo.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi, madzi anadzuka ofiirira, atatenga zinyalala ndi nthambi. Kumapiri kunali kutagwa mvula yotsalira. Kamtengo kamene ba Mordecai anazika m'mphepete dzulo lake kanali katamira. Chakumasana anafika pa malo amene anthu a kumeneko amawatcha Chimeza. Ukaima kumtunda kwake sipaoneka poopsa: umangoona madzi akutsetsereka bwino kenako mtsinje n'kukhota kuseri kwa thanthwe. Choopsa chili kuseriko. Kumanzere kuli miyala iwiri ikuluikulu yotsamirana, ndipo madzi amalowa pansi pake. Chilichonse cholowa pamenepo, kaya chipika kaya nyama yakufa, chimakakamira. Kuti munthu apaone ndi maso, ayenera kukwera phiri kwa ola lathunthu.

Ba Mordecai anakocheza kugombe la kumanzere, pamene pamayambira kanjira ka asodzi, ndipo onse anasonkhana.

"Auze kuti pano ndi pa Chimeza," anatero. "Ngakhale madzi atachepa, atate sanadutsepo. Lero ndiye ndi manda enieni. Kumanzere kuseri uko madzi amalowa pansi pa mwala. Aliyense anyamule bwato lake, tidzere njira iyi."

Analoza kanjirako, kamene kankakwera kumanzere. Bornface analankhula Chizungu, nayenso akuloza kumanzere. Ndevu anafunsa kanthu, Bornface n'kuyankha mwachidule. Nkhope ya Ndevu inamasuka. Anawasisita paphewa ba Mordecai n'kuwaimikira chala chachikulu.

"Avomera?" anafunsa ba Mordecai, atadabwa kuti lero palibe mkangano.

"Avomera. Inu tsogolani ndi katundu, mukatikonzere pofikira. Ife tikubwera m'mbuyo."

Anasenza chikwama cha matenti, n'kukoleka chingwe chachitali paphewa monga ankachitira nthawi zonse, nayamba kukwera. Anali atadutsa pamwamba n'kuyamba kutsikira kuseri pamene anamva wezulo kumtsinje. Anasuzumira pakati pa mitengo ndipo anaona kayaki yofiira ikukhota pathanthwe paja. Kumbuyo kwake kunali yobiriwira, kenako yachikasu.

Anakuwa, koma mkokomo wa madzi unameza mawu awo. Ndevu, amene anali patsogolo, anaiona miyala ija mochedwa, napalasa ndi mphamvu zake zonse kuthawira kumanja, ndipo madzi anamugudubuza n'kukamulavula kumunsi. Wachiwiri naye anapulumuka chimodzimodzi. Dolly anatsata kumanzere monga anauzidwira. Mphuno ya kayaki yake inalowa pakati pa miyala iwiri ija n'kukakamira, ndipo madzi anaipinda pakati ngati chitini. Atatu otsalawo anaona anzawo akuzimiririka ndipo anakwanitsa kuima kumtunda.

Ba Mordecai anataya chikwama n'kutsetsereka phirilo chamatako, minga ikuwang'amba. Atafika pa thanthwe loyang'anizana ndi malowo anaona kuti Dolly ali moyo. Miyendo yake inali itapanikizika m'katimo, madzi akumuwomba kumsana n'kumadutsa pamwamba pa chisoti, ndipo ankapuma m'kampata kamene madziwo ankasiya kutsogolo kwa nkhope yake. Ndevu ndi mnzake anali tsidya lina, kumunsi, akuthamanga uku ndi uku osapeza powolokera.

Anamanga chingwe ku tsinde la mkuyu, mbali inayo n'kudzimanga m'chiuno, nalumphira pa mwala woyamba. Unali woterera ndi ndere ndipo anagwa chamimba, koma anagwira. Anakwawa mpaka anafika pamwamba pa kayakiyo, n'kugwira lamba wa jekete ya Dolly. Kukoka kunakanika, mtsinje wonse unali utamukhalira. Choncho anamasula chingwe m'chiuno mwawo, nachipisa m'khwapa mwa mkaziyo n'kumanga. Chingwe chinatsala cholendewera, ndipo panalibe nthawi yobwerera kumtengo kukachikungitsa. Anachikulunga kudzanja lamanja kawiri, naponda mwala ndi miyendo yonse, n'kuyamba kukoka cham'mbali.

Anandiuza kuti sakudziwa kuti anakoka nthawi yaitali bwanji. Chimene amakumbukira n'chakuti Dolly anakuwa, mwendo wake unatuluka, ndipo nthawi yomweyo madzi anamutenga thupi lonse. Chingwe chinakungika mwadzidzidzi. Anamva kuthyoka m'dzanja mwawo, koma sanataye, ndipo madziwo anamukankhira Dolly m'kadziwe ka m'mbali mwa thanthwe. Pamene azungu atatu aja ankafika podzera kanjira, ndi Bornface kumbuyo kwawo, anapeza ba Mordecai atamukokera kale pouma. Mwendo wa Dolly unali utathyoka pawiri pansi pa bondo. Zala ziwiri za ba Mordecai, chaching'ono ndi chinzake, zinali zitaphwanyika.

Anapanga machira ndi nkhafi ziwiri ndi tenti. Amuna a m'mudzi wina wa pafupi anathandiza kunyamula, ndipo anakafika pamene panali motoka mawa lake masana. Njira yonseyo palibe mzungu amene analankhula ndi ba Mordecai. Mmodzi anawamanga dzanja ndi bandeji osawayang'ana kumaso. Ba Mordecai anangoganiza kuti ndi mantha a zimene zachitika. Bornface naye ankayenda kutsogolo, kutali nawo.

Ku Mpanshya madokotala anamuika Dolly chikhakha kuti athe kupita naye ku Lusaka, ndipo zala ziwiri zija anazidula chifukwa zinali zitayamba kuda. Ba Estina anamva uthenga ndipo anafika tsiku lachiwiri, atasiya mwana wawo Misozi kwa amayi awo. M'mawa wa tsiku lachitatu, nesi wina dzina lake Dorcas anabwera pa bedi la ba Mordecai.

"Atate, mzungu uja akufuna kukuonani asananyamuke. Ndikumasulirani ndine."

Dolly anali atagona, nkhope itatupa mbali imodzi. Anagwira dzanja lawo lamanzere n'kulankhula motsitsa.

"Akuti zikomo, mukanapanda inu bwenzi atafa," anatero sista Dorcas. Dolly analankhulanso, misozi ikulengeza, ndipo nesiyo anazengereza asanamasulire. "Akufunsa kuti, nanga n'chifukwa chiyani munawauza kuti kumanzere n'kodutsika?"

Ba Mordecai anaganiza kuti sanamve bwino.

"Ndani ananena zimenezo?"

"Akuti inuyo. Akuti munanena kuti akakhota atsate kumanzere, ndipo kanjira kaja n'ka katundu chabe."

Ba Mordecai anafotokoza mawu onse amene ananena pa Chimeza, limodzi ndi limodzi, ndipo sista Dorcas anawamasulira. Kenako Dolly anapempha kuti aitane Ndevu.

Nesi atatuluka, ba Mordecai nawo anatuluka pakhonde kuti apume mpweya. Anapeza ba Estina ataima pafupi ndi chitseko. Anali atamva zonse.

"Atate a Misozi, tabwerani kuno."

Anawakokera kuseri kwa chipupa, n'kugwada pansi, chinthu chimene sankachita pagulu.

"Musamuphe mlongo wanga. Akamuchotsa ntchito, kapena kumutengera kupolisi, amayi atsala ndi ndani? Ndi mwana wamwamuna yekhayo."

"Iwe ukudziwa zimene wachita?"

"Anandiuza dzulo. Analira, atate a Misozi. Akuti ankaopa kutukwanidwanso, ankaganiza kuti azunguwo adutsa bwino monga ankanenera."

"Dzulo? Ndipo unakhala pa bedi langa tsiku lonse, kundimwetsa phala, osanena kanthu?"

Ba Estina anangogwira mwendo wa thalauza lawo.

Atabwerera m'chipindamo anapeza Ndevu ndi Bornface ataima kumiyendo kwa bedi. Ndevu anafunsa, Bornface n'kuyankha m'Chizungu chosadodoma, maso ali pa zenera. Sista Dorcas anamasulira mawu ake monyinyirika.

"Akuti anamasulira zimene inu munanena, osawonjezera kapena kuchotsa. Akuti manje mukusintha chifukwa mukuopa mlandu." Ndevu analankhulanso mokweza. "Akufunsa kuti munene pamaso pa mlamu wanuyu. Wonama ndani?"

Ba Mordecai anamuyang'ana Bornface, koma iye sanatembenuke. Pakhomo panali ba Estina, atagwira chitenje pakamwa. Sista Dorcas anawanong'oneza kuti, "Nenani, atate, ine ndimasulira bwino." Iwo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndevu anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza yankho limene ankaliyembekezera, natuluka.

Masana ake motoka zinanyamuka, Bornface ali momwemo. Asanamunyamule, Dolly anauza sista Dorcas kuti akauze ba Mordecai kuti iye akuwakhulupirira, ndipo akafika kwawo adzalemba kalata yokonza zonse. Kwa chaka chathunthu ba Mordecai ankafunsa aliyense wochokera ku chipatala cha Mpanshya ngati kuli kalata yawo. Sinabwere.

Kumudzi nkhani inawatsogolera. Ankati Mordecai anafuna kudzionetsa kwa azungu ndipo anatsala pang'ono kuphetsa munthu. Ena ankaseka kuti katswiri wa mtsinje anasokoneza kumanzere ndi kumanja. Iwo sanatsutse aliyense. Bala litapola anayesa kubwerera ku ntchito, koma nsompho inkapulumuka m'dzanja, ndipo bwato limene anayamba kusema linatsala m'nkhalango mpaka linafumbwa. Kuwolotsa anapitiriza kufikira dzinja la 1995. Tsiku lina madzi atadzaza, ali pakati pa mtsinje ndi amayi anayi ndi khanda, nkhafi inawapulumuka, ndipo anaigwira ndi dzanja lamanzere itatsala pang'ono kupita. Palibe amene anazindikira. Atafika kugombe anapereka bwato kwa msuweni wawo, ndipo sanawolotsenso munthu.

Chaka chomwecho Bornface anapita ku Uganda ndi gulu la Ndevu. Anatumizira amayi ake chithunzi ataima m'mphepete mwa Nile, atavala jekete yoyandamitsa, ndipo apongozi a ba Mordecai ankachionetsa kwa aliyense wobwera pakhomo. Mu 1996 ba Mordecai anasamutsa banja lawo kupita ku Chinyunyu, kumene azakhali a ba Estina anawapatsa kamunda.

Ndi Bornface anakumananso mu 1997, pa maliro a apongozi awo aja. Iye anabwera pa motoka ya kampani, atanenepa, atanyamula bokosi labwino ndi matumba a ufa, ndipo anthu anamutamanda kuti ndi mwana wodziwa kulera. Atachoka kumanda masana, amuna anakhala pansi pa mtengo wa msekese, ndipo wina anamupempha kuti afotokoze za azungu aja. Ba Mordecai anali atakhala kumapeto, pa mpando wa njinga yogonekedwa. Bornface anafotokoza za Nile, za ndeke, kenako anafika pa Chimeza. M'kufotokoza kwake, amene anathamanga ndi chingwe n'kuchimanga ku mkuyu anali iyeyo.

Mdala wina amene anathandiza kunyamula machira chaka chija anafunsa, "Nanga alamu akowa anali kuti?"

Bornface anatembenuka, ndipo maso ake anakumana ndi a ba Mordecai.

"Anali atatsogola ndi katundu. Anabwera kudzathandiza kukoka."

Amuna angapo anayang'ana ba Mordecai kudikira kuti anene kanthu. Iwo anaimirira, n'kupita kuseri kwa nyumba kukamwa madzi.

Mawa lake m'mawa, anthu akubalalika, Bornface anawapeza okha akumanga kachikwama kawo.

"Alamu, zakale zija tiziiwale. Amayi apita, tatsala ndife. Kwerani, ndikakutulani ku Chinyunyu, ndi njira yomweyo."

"Zaka zitatu ndakhala ndikudikira kuti ubwere pakhomo panga," anatero ba Mordecai. "Sindinafune kanthu kako. Ndinatseka pakamwa chifukwa cha mlongo wako, ndipo ndinkati tsiku lina udzabwera wekha, ngakhale kuseri kwa nyumba, popanda womva."

"Inali nthawi yovuta, alamu. Inunso mukudziwa mmene mzungu uja analili."

"Iwe ndiwe wodziwa Chizungu. Tandimasulira mawu awa: ndinanama. Amati bwanji?"

Bornface anaseka pang'ono, n'kuyang'ana makiyi amene anali m'dzanja lake.

"Mukwera kapena simukwera?"

Ba Mordecai anakoleka kachikwama paphewa n'kuyamba ulendo wapansi. Kuchokera kuchigwako kukafika pamsewu waukulu ndi masiku awiri, ndipo njira yake ndi yokwera mapiri.

Zotsatirazi anandiuza ndi ba Estina, tsiku lina ndikuwathandiza kusankha mbatata amuna awo atapita kumunda. "Ine ndinakwera, aphunzitsi," anatero. "Miyendo inali itatupa ndi maliro, ndipo Misozi anali ndi malungo. Ndikanatani?" Motoka inawapeza ba Mordecai pa chitunda choyamba. Bornface anachepetsa liwiro n'kuliza hutala, ndipo Misozi anatulutsa mutu pazenera akuitana atate ake. Ba Mordecai anamukwezera dzanja mwanayo, kenako anapatukira m'udzu n'kuima chotembenuka, kudikira kuti motoka idutse ndi fumbi lake lithe.

Anafika ku Chinyunyu tsiku lachitatu, mapazi atang'ambika. Ba Estina anawatenthetsera madzi, iwo anasamba, n'kufunsa ngati mwana wamwa mankhwala ndiponso ngati mbuzi zinamwetsedwa. Za motoka ija sanafunse. Ba Estina anandiuza kuti akafuna kukaona mlongo wawo ku Lusaka amangonena kuti akupita ku tauni, ndipo amuna awo amawaperekeza mpaka pokwerera basi.